Amene amalipira ndiye amagwira cholembera, koma nzeru n'zako

Anyamata anzanga apagombe, ndikulemba izi manja akununkha petulo, nditangomaliza kutsuka kabureta ya injini ya eni ake. Sabata yatha ana ena a kuno anajambula kasewero ka pafoni konena za mabwana amene amadula alovi ndalama ya mafuta kawiri. Amene anawagulira bandulo ndi kubwereka kamera ndi mwini maboti, ndiye anangoti: fufutani. Anafufutadi, ndipo pano akuti asiya zamasewero. Ine ndikuti kusiya ayi, ndipo chifukwa changa ndi bambo wina wa ku America, Rod Serling.

Serling anabadwa mu 1924, anakulira ku Binghamton m'chigawo cha New York. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse anali msilikali wodumpha m'ndege, anakamenya ku Philippines n'kuvulala. Atabwerako anayamba kulemba masewero a pawailesi, kenako a pa TV, nthawi imene TV inali yachilendo ndipo masewero ankaulutsidwa pompopompo, osayamba ajambulidwa. Dzina lake linamveka mu 1955 ndi sewero la Patterns, lomwe anthu analikonda mpaka anachita kuliseweranso patatha mwezi.

Koma masewerowo ankalipiridwa ndi makampani otsatsa malonda, ndipo iwo ndiwo anali ndi mawu omaliza. Mu 1955 mnyamata wachikuda wa zaka 14, Emmett Till, anaphedwa ku Mississippi, ndipo khoti linamasula azungu awiri amene anamupha. Serling analemba Noon on Doomsday nkhani imeneyi ili mumtima. Pofika pa TV mu 1956, wophedwayo sanalinso wachikuda, nkhaniyo inasamutsidwira ku New England, ngakhale mabotolo a Coca-Cola anachotsedwa kuopa kuti anthu angaganize za kumwera kwa dzikolo. Mu Requiem for a Heavyweight anachotsa mawu opempha machesi chifukwa wolipira, Ronson, ankagulitsa malaitala. Tangoganizani!

Apa m'pamene ndimamupatsa ulemu. Sanataye cholembera, komanso sanasanduke kapolo woimbira bwana m'manja. Mu 1959 anayambitsa The Twilight Zone, masewero a zodabwitsa: zolengedwa zakuthambo, maloboti, anthu osochera m'nthawi. Mwa magawo 156 amene anaulutsidwa kufika 1964, iye analemba 92. Mu gawo lina magetsi angothima pamsewu umodzi, anthu oyandikana nyumba n'kuyamba kulozana zala mpaka kuphana, pamene oyambitsa zonsezo akuonerera patali. Otsatsa malonda ankaona nthano chabe, koma oonera ankadziona okha, ndi tsankho lawo, ndi mantha awo.

Izi si zachilendo kwa ife. Agogo ankati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Nthano za Kalulu ndi Fisi zinkanena mfumu yadyera mfumuyo ili pomwepo ikuseka nawo. Ngakhale panyanja, mwera ukawomba sulimbana nawo maso ndi maso, umadula mafunde cham'mbali n'kukafikabe padoko.

Wina anena kuti kubisa nkhani m'nthano ndi mantha. Ndikumva. Pali zinthu zofunika kuzitchula ndi dzina, ndipo Serling mwiniwake ankadandaula poyera za makampaniwa. Koma kasewero kofufutidwa sikathandiza mlovi aliyense, pamene ka fisi wogawa usipa ndi chigoba chobooka kadzazungulira magulu onse a WhatsApp, ndipo aliyense adzadziwa fisiyo.

Chenjezo limodzi lokha. Masewerowo atatha, Serling anagulitsa gawo lake kwa CBS, ndipo ndalama zambiri za kubwereza masewerowo zinamudutsa. Anamwalira mu 1975 ndi matenda a mtima, ali ndi zaka 50 zokha. Ndiye aise, mukalemba kanthu kanu, musakagulitse konse ndi mtengo wa bandulo.

Ana aja auzeni abwere kwanga Loweruka, foni yanga ili ndi kamera yabwinoko. Tumizirani ena awerenge.