Mai wa cipsela asabisale kumudzi cifukwa ca pakamwa pathu

Pali mau awili amene akuika m'mavuto azimai amene anabelekapo na opaleshoni kuno ku Petauke na ku Nyimba, ndipo onse awili timawakamba monga ni nzelu. Oyamba amacokela kwa anthu amene anamvako theka cabe la nkhani ku cipatala: ati ukabeleka na mpeni kamodzi, basi, mimba zako zonse ni za mpeni. Aciwili amacokela kunyumba, kwa apongozi, ku machalichi ena na pa WhatsApp: ati mkazi weniweni amabeleka yekha, wa opaleshoni ni waulesi kapena alibe cikhulupililo. Mai akapanikizika pakati pa mau awiliwa amacita cinthu coopsa kupambana zonse. Amabisala. Matenda akayamba amakhala zii m'nyumba, kufuna kuti akafike ku cipatala mutu wa mwana utatsika kale, kuti pasakhale nthawi yomutengela ku theatre.

Ine nikuti mai ameneyu sitingamuimbe mlandu tekha. Tinamukana mpata wokamba, ndiye anasankha kukhala cete. Mkazi wa cipsela afunika kuuzidwa zoona zonse, kukonza mabelekedwe ake pamodzi na adokota miyezi ikalipo, na kuloledwa kukhala na munthu wake pambali pamene akubeleka. Zitatu izi si zapamwamba za ku Kabulonga iyayi. Ni zimene zimasiyanitsa mai wobwela na mwana kumbuyo na mai wobwela m'bokosi.

Tiyambe na mau oyamba aja. Ali na mwini wake. Anawachukitsa ni dokota wa ku New York dzina lake Edwin Cragin mu 1916. Masiku amenewo cibalilo anali kucing'amba coimilila, cakumwamba, ndipo cipsela ca mtundu umenewo cimaphulika mosavuta pa mimba yotsatila. Mu 1926 dokota wa ku Glasgow, John Munro Kerr, anafalitsa njila yoceka copingasa, m'munsi mwa cibalilo, pamene pamapola molimba. Ndiyo njila imene maopaleshoni ambili amacitikila lelo. Mpeni unasintha kale, koma ise tikali kuyendela mau a zaka zopitilila 100 zapitazo.

Bungwe la madokota a azimai la ku Britain, Royal College of Obstetricians and Gynaecologists, m'malangizo ake a 2015 linaonetsa kuti pa azimai 100 amene anacitidwapo opaleshoni imodzi n'kuyesa kubeleka mwa njila ya masiku onse, 72 mpaka 75 amabeleka bwino popanda mpeni. Kwa amene anabelekapo kale okha mwana wina, nambala imakwela kufika 85 mpaka 90. Ngozi yaikulu ni kung'ambika kwa cipsela ca m'cibalilo, ndipo imagwela pafupifupi mai mmodzi pa 200 alionse.

Manje apa osathamanga. Manambala awa anacokela m'zipatala zimene theatre ili pa khomo lotsatila, magazi ali mu filiji, ndipo mtima wa mwana ukumvedwa nthawi zonse. Cibalilo cikang'ambika, mwana amatsala na mphindi zocepa cabe, mai nayenso amataya magazi mkati mosaoneka. Mmodzi pa 200 amamveka wocepa. Koma muikeni pa ngolo ya ng'ombe kucokela kwa Luembe kapena kwa Nyalugwe mu February, mitsinje itadzaza, muone ngati akali wocepa. Ndiye adokota akamaopa, si kuti ni ankhanza. Aonapo zimene ise sitinaone.

Cimene nikukana ni cakuti mantha amenewa atseke nkhani yonse, ngati kuti opaleshoni yaciwili ilibe mtengo wake. Kafukufuku wocitika m'maiko 22 a mu Africa, amene anafalitsidwa mu 2019, anapeza kuti azimai pafupifupi 5 pa 1,000 alionse ocitidwa opaleshoni yobeleka amamwalila, kuwilikiza ka 50 poyelekeza na maiko olemela. Mbali ina ya vutoli ni yakuti ambili amafika mocedwa, zinthu zitaipa kale. Komanso opaleshoni iliyonse yowonjezela imasiya zomatana m'mimba, ndipo imakulitsa mpata wakuti nsengwa, ija anesi amati placenta, idzamele pa cipsela n'kukana kucoka, mai n'kukha magazi osaleka.

Ganizilani za dziko lathu. Kafukufuku wa zaumoyo wa ZDHS wa 2018 anaonetsa kuti mkazi wa kumudzi mu Zambia amabeleka ana pafupifupi 6, ndipo atsikana 29 pa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atayamba kale kubeleka. Mtsikana wa zaka 17 amene anacitidwa opaleshoni cifukwa mwana anakhala cammbuyo, kodi timuuze kuti moyo wake wonse ni wa mpeni? Opaleshoni zingati zimene mimba imodzi ingapilile? Kumuuza zimenezo popanda kumufotokozela njila ina ni kumutuma kuti mimba yotsatila akabisale.

Si onse angayese, ndipo izi zifunika kukambidwa mosabisa. Amene cibalilo anaciceka coimilila, amene cinang'ambikapo kale, amene nsengwa yatseka njila, kapena mwana wagona copingasa, njila yao ni opaleshoni yokonzekela tsiku. Amene anacitidwa kawili kapena kupitilila, nthawi zambili adokota amalangiza cimodzimodzi. Amene mimba zathithikana nayenso ngozi imakula, ndiye cifukwa cake bungwe la WHO limalangiza kudikila zaka ziwili musanatenge pakati pena. Koma mai wa opaleshoni imodzi yopingasa, mwana mmodzi, mutu uli pansi, ndipo cimene cinacititsa opaleshoni yoyamba sicinabwelenso, ameneyo ali na ufulu wofunsa, ndipo afunika kuyankhidwa ngati munthu wamkulu.

Pali cinthu cimodzi cimene ambili sadziwa. Cipsela ca pakhungu sicikuuzani mmene anacekela mkati. Cimene cimauza ni pepala la opaleshoni yoyamba. Azimai angati amatuluka m'cipatala atauzidwa cifukwa cake anang'ambidwa na mmene anacekela? Angati amasunga pepala lija? Timasunga malisiti a feteleza na makadi a voti mu pulasitiki, koma pepala lonena za cibalilo limathela kukulunga tomato. A zaumoyo, lembani momveka ndipo muuzeni mai na pakamwa, m'Cinsenga kapena m'Cinyanja. Ise acibale, sungani pepalalo monga NRC.

Ndiye kukonzekela kwake ni kotani? Coyamba ni malo. Mai wa cipsela sabelekela kunyumba, sabelekela pa health post, olo pa kiliniki yabwino bwanji ngati ilibe theatre. Malo ake ni cipatala cacikulu monga Nyimba District Hospital, Petauke District Hospital kapena Kalindawalo General Hospital. Caciwili ni nthawi. Nkhani iyambike ku sikelo mimba ikali yaing'ono, cigamulo cilembedwe pa khadi, ndipo mwezi wothela ukayamba mai wokhala kutali asamukile ku nyumba yoyembekezela pafupi na cipatala, ija timati shelter. Cacitatu ni kukana mankhwala alionse ofulumizitsa matenda, kaya ni mizu ya ambuya, kaya ni mapilisi ogula mobisa. Mankhwala amenewo amakoka cibalilo mwamphamvu, ndipo pamene pali cipsela ndiye poyamba kutseguka. Olo adokota eni ake amasamala maningi na mankhwala oyambitsa matenda pa mai wotele.

Cacinai ni cimene nifuna tikangane napo bwino: munthu wokhala pambali. M'mawodi ambili obelekela lamulo n'lakuti mlezi atsale panja. Mai amalowa yekha na citenje na beseni. Mzamba mmodzi angakhale na azimai angapo nthawi imodzi, usiku, wina akukankha, wina akukha magazi. Sangakhale paliponse. Mai wa cipsela ndiye amafunika maso osacoka pa iye. Zizindikilo za ngozi ni zakuti munthu wamba angaphunzile: ululu wosaleka olo pakati pa zopweteka za matenda, kuwawa kwambili pa cipsela, magazi, matenda kungoleka mwadzidzidzi, cizungulile na thukuta lozizila. Mai amene wafooka sangakuwe. Wokuwa ni uja ali pambali.

Izi si maganizo anga cabe. Mu 2017 akatswili a Cochrane anasonkhanitsa kafukufuku 26 wokhudza azimai oposa 15,000, ndipo anapeza kuti mai amene ali na womuthandiza nthawi yonse ya matenda amabeleka msanga pang'ono, ndipo mpata wa opaleshoni umatsika na pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai. Mu 2018 WHO inalangiza kuti mai aliyense aloledwe kukhala na mnzake amene wasankha yekha. Ku America amalipila munthu wa nchito imeneyi, amamucha doula. Ise tinali nao kale: amai, azakhali, akulu ake a mai, ndipo kuyambila 2003 tili na a SMAG amene amayenda m'midzi kulondola azimai apakati. Tinangowatsekela panja pa khomo.

Anesi ali na zifukwa zao ndipo nazimva. Amati mabedi ali pafupi, mlendo adzaona malisece a mai wina. Amati alezi ena amalowetsa mankhwala a zitsamba m'botolo la tiyi. Zoona. Koma yankho la vuto loyamba ni makatani, ndipo makatani a wodi yonse sangapose mtengo wa workshop imodzi ya ku lodge. Yankho la laciwili ni kumudziwa mlezi msanga: abwele ku sikelo pamodzi na mai, aphunzitsidwe, dzina lake lilembedwe pa khadi. Ndipo wosankha akhale mai mwini wake. Munthu amene amati matenda akacedwa ndiye kuti mkazi kapena mwamuna anayenda panja, n'kuyamba kuumiliza mai kuti aulule maina pamene akubuula, ameneyo si mlezi. Atsale kunyumba aziyang'anila nkhuku.

Wina adzati izi n'zosatheka kuno kwathu. Nyimba inayankha kale. Mu 2012 inali imodzi mwa maboma anai, pamodzi na Lundazi, Mansa na Kalomo, kumene kunayambila nchito ya Saving Mothers, Giving Life. M'caka coyamba imfa za azimai obelekela m'zipatala za maboma amenewa zinatsika na 35 pelesenti. Panalibe matsenga. Anakonza mayendedwe a odwala, anaphunzitsa azamba, analimbitsa a SMAG, anakonza malo odikilila, anaonetsetsa kuti mankhwala na magazi zilipo. Ngati tinakwanitsa zimenezo, kulola mlezi mmodzi kukhala pa mpando pambali pa bedi kungatikanike bwanji?

Kwa inu a mau aciwili aja, amene mumalalikila kuti mkazi wa cikhulupililo amabeleka monga akazi aciheberi: welengani bwino nkhaniyo. Mau aja anawakamba ni azamba awili, Sifira na Puwa, pofuna kupulumutsa ana kwa Farao. Ngwazi za nkhaniyo ni azamba amene anakana kuti mwana afe. Pemphelani, inde, koma pemphelelani pa benchi ya cipatala. Ndipo pa mai mmodzi mwa anai amene amayesa n'kuthela ku theatre, pasakhale woseka. Sanalephele. Anayesa pa malo oyenela, ndipo malowo anamupulumutsa.

Pa wailesi imene nimathandizako, tikatsegula mafoni pa nkhani za ubeleki, amuna ambili amafunsa cinthu cimodzi: kodi mkazi wa opaleshoni adzatha kulima? Funso ili limaulula mtima wathu. Timawelengela khasu, osati munthu. Mwamuna amene afuna mkazi wake acile msanga ayambe ni iye kufunsa za njila yobelekela, agulitseko thumba la nshawa kuti pakhale ndalama ya motoka, ndipo mayina a woyendetsa awili akhale mu foni mwezi usanakwane.

Inu anzanga a mu tauni, a ku Lusaka, a ku Chipata na a pa boma, musati nkhaniyi ni ya kumudzi. Foni ikalila usiku kuti mlongo wanu wadwala, ni inu amene mumafunsidwa. Timaponya ndalama zambili pa baby shower na pa zovala zofanana, koma za unga, makala na sopo za milungu itatu ku shelter timati tizaona. Azimai ena amakana kupita kukadikila cifukwa cabe ca njala na kusowa wosiila ana. Tumizani ndalama ya zimenezo coyamba. Lekani kutumizila alongo anu mavidiyo a TikTok a azungu obelekela m'bafa kunyumba, amene ambulansi yao imafika mphindi zocepa. Ndipo pitani mukapeleke magazi ku Zambia National Blood Transfusion Service. Magazi ambili amacokela kwa ana a sukulu, ndiye masukulu akatseka amacepa, koma azimai saleka kubeleka pa holide.

Akulu anati mbewa ya manyazi inafela ku una. Ngati muli na mlongo, mkazi kapena mnzanu wa cipsela amene ali na pakati, pitani naye ku sikelo yotsatila na mafunso anai m'manja. Kodi opaleshoni yoyamba inacitika cifukwa ciani, ndipo anaceka bwanji? Kodi angayese kubeleka yekha, ndipo ngati sangathe, cifukwa n'ciani? Kodi akabelekele cipatala citi, ndipo akafikeko liti? Kodi ndani aloledwe kukhala naye? Funsani mwaulemu, koma musacoke musanayankhidwe, ndipo yankho lilembedwe pa khadi.