Oyilo wa pachigayo asatiphere nthaka

Alimi anzanga kwa Kawinga, mukapita pa Ntaja tazungulirani kuseri kwa zigayo. Pomwe amatayira oyilo wakutha ndi dizilo sipamera ngakhale bonongwe, ndipo mvula imakokolera zonsezo kumadimba.

Kukwirira ndi kudzinamiza chabe. M'nthaka muli mabakiteriya amene amadya mafutawa akapeza mpweya, chinyezi ndi chakudya. Sitima ya Exxon Valdez itataya mafuta ku Alaska mu 1989, anathira feteleza m'gombe kuti tizilomboti tichuluke. Maiko olemera amaziswetsa m'matanki. Ife manyowa tili nawo.

Mwini chigayo akumbe dothilo, aunjike pasimenti, asakanize ndi manyowa, azithirira ndi kutembenuza sabata iliyonse. Zimatenga miyezi, makamaka oyilo wakudayo. Mafumu, musalole chigayo chopanda mgolo wosungiramo oyilo m'mudzi mwanu.