Masika ano mwana asachoke pakhomo m'mimba muli pululu

Makolo athu, a komiti ya mzikiti ndi inu ophunzira, mvula yatsanzika, masika afika. Kuyambira Epulo mpaka Juni ndiyo nthawi imene pakhomo pa munthu wamba kuno kwa Mphuka pamapezeka zakudya zamitundumitundu popanda kupita kugolosale. Maungu aunjikidwa pakhonde, mbatata zikukumbidwa, mtedza wayanikidwa pabwalo, chimanga chikulowa m'matumba. Koma ndi nthawi yomweyinso imene mphepo imatembenuka. Posachedwa pano chiperoni iyamba kuomba kuchokera cha kuphiri la Chiperone ku Mozambique, kumene inatenga dzina lake. Nkhungu iphimba minda ya tiyi, ndipo kamvula kowaza kaja kamatha kugwa masiku atatu osakata. Mwana woyenda mtunda wautali kubwera kusukulu amafika juzi itanyowa, zala zitauma, cholembera chikukanika kugwirika.

Pempho lathu m'miyezi imeneyi ndi lakuti mwana aliyense adye chotentha chophikidwa pakhomo asananyamuke. Sitikunena za buledi wopaka majarini kapena tiyi wamkaka. Tikunena za zomwe zili kale m'munda ndi pakhonde panu.

Amene timaima kutsogolo kwa kalasi timaona zimene inu makolo simuziona. Ikamakwana 10 koloko, mitu imayamba kugwera pamadesiki. Mwana wanzeru ndithu, ukamufunsa funso loti dzulo analiyankha bwino, amangoti maso tong'o. N'kosavuta kumutcha waulesi, koma nthawi zambiri ukafunsitsa umapeza kuti chidyere nsima ya dzulo madzulo sanalawe kanthu. M'masukulu ambiri a pulaimale ana amalandira phala, ndipo bungwe la Mary's Meals lakhala likugwira ntchito imeneyi m'dziko muno kuyambira 2002. Koma mwana akalowa Fomu 1 phala lija amalisiya kumbuyo, chonsecho m'pamene thupi lake likukula mofulumira, mtunda wotalikirapo, maphunziro olimbirapo. Kuwonjezera apo, mayeso a JCE ndi MSCE amagwa m'nyengo yozizira yomweyi. Zaka ziwiri kapena zinayi za fizi yanu zimakayesedwa m'masabata ochepa, mwana ali chinjenjemerere.

Tiyambe ndi futali, chifukwa ife timamudziwa kuposa wina aliyense. Dzina lakelo ndi lachibale ndi mawu oti iftar, chakudya chomasulira swaumu, ndipo anzathu olankhula Chiswahili amati futari. Zaka zapitazi mwezi wa Ramadhan wakhala ukugwa cha mu Malichi ndi Epulo, kotero kuti m'makomo ambiri mphika wa futali umatsukidwa n'kuikidwa padera mbatata zatsopano zisanachuluke n'komwe. Chodabwitsa ndi chimenecho. Chakudya chimene timachikhulupirira kuti chibweza mphamvu za munthu amene watha tsiku lonse osadya, timachiiwala Eid ikangodutsa, ngati kuti ndi cha mwezi umodzi basi. Mwana wolemba mayeso a masamu mu chiperoni akuchifuna chimodzimodzi.

Kaphikidwe kake sikofuna sukulu. Sendani mbatata, muzidule zibenthu zazikulu kuti zisasungunuke, muike mumphika ndi madzi ochepa osafika pamwamba pa mbatatazo, ndi kamchere. Zikayamba kufewa thirani nsinjiro pamwamba, muvundikire osatakasa, moto ukhale wochepa. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amafulumira kutakasa, nsinjiro imatsikira pansi n'kupserera isanapse, futali n'kumanunkha chiwisi. Ilekeni iwire kaye, fungo la mtedza wakupsa likamveka ndiye mutembenuze pang'onopang'ono ndi mthiko. Ngati mbatata palibe, maungu amalowa m'malo, chinangwa chozizira chimalowa, ngakhale nthochi zaziwisi kwa amene zawo zinapulumuka ku matenda a chisaka aja amene anatimalizira nthochi zimene Thyolo ankatchuka nazo. Mafuta ogula safunika, mtedza uli nawo kale. Shuga safunikanso.

Pa mbatatapo, tikupempha kuti mukamasankha mbewu muziganizira zofiira m'kati. Zili ndi vitamini A amene amathandiza maso ndi kuteteza thupi ku matenda, pamene zoyera m'kati zili naye wochepa kwambiri. Mitundu yake ilipo ingapo ya mayina athu omwe: Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu, Anaakwanire. Ntchito yaikulu yofufuza mbatata zimenezi m'dziko muno yachitikira pa Bvumbwe, m'boma lathu lomwe lino. Kunja kuno ntchito ya mtundu umenewu anthu amaitenga mozama, moti mu 2016 mphotho ya World Food Prize inapita kwa akatswiri anayi, atatu mwa iwo chifukwa cha mbatata zofiira m'kati. Ife tili nazo pafupi, koma ena timazinyoza kuti n'zamadzimadzi, si zaufa ngati zakale zija. Pa futali vuto limenelo limachepa, nsinjiro imakoleretsa.

Koma nsinjiroyo tiikambe moona. Chizolowezi chathu ndi chakuti mtedza wabwino, wonenepa, timasankhira wogula, ndipo wofota, wosweka ndi wakuda uja ndiwo timasinja kuti tidye pakhomo poti m'ndiwo suoneka. Mtedza woterewu ndiwo kawirikawiri umakhala ndi chuku, ndipo poizoni wa chuku satha ndi moto ngakhale muwiritse maola angati. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo amapinimbiritsa ana. Wogula wa kutali timamuopa kuti akana katundu wathu, mwana wathu sitimuopa poti sadandaula. Mtedza wodya pakhomo usankhidwe poyamba, uume bwino, usungidwe m'makoko ake pamalo ouma. Ndipo zija zowaza madzi pamakoko kuti afewe posenda tizisiye, chinyezi chimenecho ndicho chimaitana chuku.

Phala nalo lili ndi ulemu wake. Ena mwa inu a Fomu 3 ndi Fomu 4 mumati phala ndi la makanda ndi odwala. Phala la ufa woyera lopanda kanthu ndiye inde, silikhalitsa m'mimba, chifukwa pokonola chimanga timataya madeya ndi kamtima kambewu kamene kali ndi mafuta ndi michere yambiri. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi nkhani ina. Amene munalima soya mungapange ufa wofanana ndi Likuni Phala pakhomo: miyeso inayi ya chimanga, muyeso umodzi wa soya wokazinga bwino, n'kupita nazo kuchigayo pamodzi. Kukazingako musakudumphe, soya wosakazinga amanunkha ndipo amavuta m'mimba. Nthochi zikapsa kwambiri moti wogula sangazifune, zikanyeni ndi mgaiwa ndi kasoda, muphike chigumu mumphika, makala pansi makala pamwamba. Chimenecho mwana akhoza kunyamula, n'kudya pa buleki.

Pano tipatuke pang'ono, poti tili m'dziko la tiyi. Thyolo wakhala ndi tiyi kwa zaka zoposa 100, esiteti ya Satemwa yokha inayamba mu 1923, ndipo palibe amene angatiletse kumwa tiyi m'mawa wa chisanu. Komabe tiyi ndi madzi otentha ndi shuga, amanamiza m'mimba kwa ola limodzi basi. Palinso china chimene ambiri sitichidziwa: tiyi wothira masamba ambiri akamwedwa pamodzi ndi chakudya amachepetsa ayironi amene thupi likanatenga ku nyemba, mtedza ndi masamba. Kwa atsikana achisodzera, amene amafuna ayironi wambiri kuti magazi asachepe, zimenezi si zazing'ono. Tiyi amwedwe, koma asakhale m'malo mwa chakudya, ndipo ngati n'kotheka papite kanthawi mutadya.

Tikudziwa zimene ena mukunena mumtima. Mayi wothyola tiyi amachoka kukadali mdima kuti akapezeke pantchito nthawi yake, moto aukoleza nthawi yanji? Nkhuni nazo zili kuti, poti phiri la Thyolo, limene makolo athu ankalidziwa lili ndi nkhalango yowirira, pano ndi minda mpaka pamwamba? Mafunso amenewa ndi oona ndipo sitikuwapeputsa. Koma futali ndi mbatata zowiritsa siziyenera kuphikidwa m'mawa. Zikhoza kuikidwa pamoto womwewo wa nsima ya madzulo, nkhuni zisanazime, n'kuvundikira bwino. M'nyengo yozizira sizisasa usiku umodzi, ndipo m'mawa n'kungotenthetsa bwinobwino ndi zitsononkho kapena mapesi a chimanga amene nthawi ino ali mbwee. Amene muli ndi mbaula yadothi ya Chitetezo mukudziwa kale kuti tinkhuni tochepa timakwanira. Za kalongonda, amene achibale athu achilomwe amamuwiritsa tsiku lathunthu n'kumataya madzi kangapo kuti ululu uchoke, tizisiyire masiku a tchuthi. Ameneyo si wa mwana wothamangira belu.

Ndipo n'chifukwa chiyani ntchito yonseyi igwere mayi? Mwana wa sekondale si khanda. Vuto lili apa ndi lakuti pakhomo pakakhala mtsikana ndi mnyamata, onse a sukulu, mtsikana ndiye amadzuka kutunga madzi, kukoleza moto ndi kutsuka mbale, mnyamata akuwerenga kapena akadali m'bulangete. Kenako timadabwa mtsikana akafika mochedwa n'kumasinza m'kalasi. Anyamata inu, kusenda mbatata sikuchotsa umuna. Ambiri a inu chaka chamawa kapena chinacho mudzakhala panokha ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ndipo kumeneko amene sadziwa kuphika ndalama zake zimathera pachiwaya cha tchipisi. Abambo, mukamuona mwana wanu wamwamuna ali kukhitchini musamuseke. Mawu amodzi achipongwe ochokera kwa inu amafafaniza zonse zimene mayi ake amuphunzitsa.

Nkhani yovuta kwenikweni ndi ya ndalama. Minda yathu kuno ndi yaing'ono, malo ambiri abwino ali pansi pa tiyi. Masamba ambiri a tiyi amathyoledwa m'dzinja, kotero kuti kukayamba kuzizira ntchito za maganyu m'maesiteti zimachepa ndipo ena amaimitsidwa kudikira mvula ina. Nthawi yomweyo fizi ya teremu yachitatu ikufunika, mavenda nawo afika ndi masikelo awo m'mbali mwa msewu. Munthu amagulitsa chifukwa chopanikizika, osati chifukwa chopusa. Sitinganene kuti musagulitse. Tikungoti musanapite kusikelo muyambe mwapatula gawo la pakhomo: ndowa ya mtedza, nyemba pang'ono, mzere wa mbatata woti muzikumba pang'onopang'ono. Paja akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Chimanga chimene timagulitsa motchipa mu Meyi ndi chomwecho timachigula modula mu Januwale ndi Febuluwale. Amene analima nandolo wambiri akukumbukira 2017, pamene dziko la India linachepetsa kugula nandolo wakunja, mitengo n'kugwa mpaka alimi kusowa kolowera. Chaka chimenecho nandolo analibe mtengo kumsika, koma mumphika anali nandolo yemweyo, wokhutitsa ndi womanga thupi. Makata a nandolo wamuwisi abwera mu chisanu momwemu, asapite onse kumsika.

Taganiziraninso komwe ndalama za mbewuzo zimapita. Tagulitsa mtedza kuti timupatse mwana ndalama ya sikono, mandasi kapena tchipisi pa buleki. Tirigu wa sikonoyo wambiri amachokera kunja, mafuta ophikira nawonso amadalira ndalama zakunja, n'chifukwa chake kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zimenezi zinakwera nthawi yomweyo. Tikusinthanitsa chakudya chabwino ndi choperewera, n'kuwonjezerapo ndalama. Gawo lina la mlanduwu ndi lanu ophunzira. Mumachita manyazi kutulutsa mbatata kapena chinangwa pamaso pa anzanu, ndipo amene ali ndi kandalama amaseka amene wanyamula chikhwaya cha kumudzi m'kontena. Kuseka kumeneko kwachititsa ana ena kusiya chakudya pakhomo n'kusankha njala. Ife ngati aphunzitsi tikamva mwana akunyoza chakudya cha mnzake tizimuitana kuofesi monga timachitira ndi mwano wina uliwonse.

Kwa a komiti ya mzikiti ndi komiti ya makolo, tili ndi ganizo loti mulikambirane pamsonkhano ukubwerawu. Pali ana ena amene ngakhale titalemba zotani kwawo kulibe choti aphike: amasiye, okhala ndi agogo okalamba, ndi mabanja amene minda yawo sinabwererebe mwakale chikokolokereni ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Bwanji pakhomo paliponse pamene pakolola tipereke mbale imodzi kapena ziwiri za chimanga, ndi kamtedza kapena soya, panopa zinthu zikadalipo, kuti m'masabata a mayeso pasukulu pano paziphikidwa phala la ana a Fomu 2 ndi Fomu 4? Kupempha zimenezi mu Meyi n'kosavuta kusiyana ndi kupempha ndalama mu Julaye. Pofunika kugwirizana ndi posungira pouma, amene azilemba zolowa ndi zotuluka poyera kuti pasakhale manong'onong'o, ndi kasinthasintha wa ophika, amene asakhale amayi okhaokha.

Pomwe tikudikira msonkhanowo, pali ntchito ina yosadikira. Mkhwani, chitambe, khwanya ndi bonongwe zikutha m'minda. Zofutsa zifutsidwe mwezi uno dzuwa likadalipo, ziume gwa, zimangidwe m'zikwatu kapena m'matumba oyera n'kupachikidwa pouma. Chiperoni ikangoyamba masamba sauma, amangochita nkhungu pamphasa.