Kulimba kwa mfundo zoikirira m'chiuno: phunziro lochokera ku Nsambe

Opaleshoni yoika mfundo yochita kupanga m'malo mwa mfundo ya m'chiuno yomwe yaonongeka si yachilendonso m'dziko muno. Koma kwa mlimi wa ku Nsambe m'boma la Neno, yemwe amakwera zitunda atasenza thumba la mbatatesi, nkhani yagona poti chipangizocho chidzatha zaka zingati chisanaperepeseke.

Mfundoyi imakhala ndi kampira kachitsulo kapena ka ceramic kolowa m'malo mwa mutu wa fupa la ntchafu, komanso kachikho momwe kampirako kamazungulira. Munthu akamayenda, ziwirizi zimakhulana n'kumatulutsa tizidutswa tosaoneka ndi maso. Polimbana ndi tizidutswati, thupi limayamba kudya fupa lozungulira chipangizocho mpaka chimagwedera. Zikatero pamafunika opaleshoni yachiwiri, yomwe ndi yovuta komanso yokwera mtengo kuposa yoyamba.

Mbiri ikuonetsa kuti chomwe mfundo yapangidwira ndicho chimalamula kutalika kwa moyo wake. Dokotala wa ku England, John Charnley, adayamba ndi tizikho ta Teflon koma tidatha msanga, ndipo mu 1962 adasinthira ku pulasitiki wa polyethylene. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kudabwera polyethylene wolimbitsidwa ndi cheza, yemwe amachedwa kwambiri kuperepeseka. Komabe si chatsopano chilichonse chomwe chili chabwino. Mu 2010 kampani ya DePuy idachotsa pamsika mfundo za ASR, zomwe chitsulo chimakhulana ndi chitsulo chinzake, kaundula wa ku England ndi Wales ataonetsa kuti odwala 12 mpaka 13 mwa 100 aliwonse ankachitidwanso opaleshoni pasanathe zaka zisanu.

Malawi nayo idakhazikitsa kaundula wotere mu 2005, ntchitoyi itayambira pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre. Lipoti la 2009 lidasonyeza kuti odwala athu anali a zaka 52 pa avareji, pomwe ku Britain amakhala oyandikira zaka 70, ndipo ambiri vuto lawo linali kufa kwa mutu wa fupa chifukwa chosowa magazi. Kafukufuku yemwe adatuluka mu The Lancet mu 2019 adapeza kuti mfundo pafupifupi 58 mwa 100 zimafika zaka 25. Choncho wodwala wachichepere wogwira ntchito zolemetsa akhoza kudzafunanso opaleshoni akadali ndi moyo.

Apa ndi pomwe Nsambe ikupereka phunziro. Kuperepeseka kumayamba mwakachetechete, ndipo X-ray imakuona ululu usanayambe. Koma madokotala a mafupa ali ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi LION ku Lilongwe, yomwe idatsegulidwa mu 2023, pomwe misewu ya kumtunda kwa Neno imavuta m'nyengo ya dzinja.

N'kofunika tsono kuti akuluakulu ogula zipangizo kapena kulandira zamphatso aziyang'ana mbiri ya kulimba kwake osati mtengo wokha, ndipo mfundo iliyonse yoikidwa izilembedwa m'kaundula. Chipatala cha boma la Neno ndi cha Lisungwi, mogwirizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lomwe lakhala m'bomali kuyambira 2007, zikhoza kumajambula odwalawa pa nthawi yake n'kutumiza zithunzizo kwa akatswiri. Kupanda kutero, ndalama zomwe dziko lapulumutsa pogula lidzazilipira kawiri m'chipinda cha opaleshoni.