Setifiketi m'manja, pakhomo potseka

Mu 2016 boma linasintha dzina la nthambi yoyang'anira ndende kukhala Zambia Correctional Service. Anatiuza kuti tsopano kundende ndi kowongolera munthu. Ine ndifunsa: wowongoledwayo akatuluka, alowere kuti?

Ku Chimbokaila, ku Mwembeshi ndi ku Mukobeko akaidi amaphunzira ukalipentala, kusoka, kumanga ndi ulimi. Ena amalemba mayeso a TEVETA napambana. Koma munthu wotere akapita kukafuna nchito, abwana safunsa za luso la manja ake. Amafuna police clearance. Akangodinda zala kupolisi, mlandu wakale umavumbuluka, nkhani yathera pomwepo. Woweruza anagamula zaka 5, ife tikumlanga mpaka kumanda.

Kuno ku Chunga tidziwa kumene munthu wokanidwa paliponse amathera: pa mulu wa zinyalala za Lusaka yense, kutola mabotolo ndi zitsulo. Matabwa ali pafupi pa Buseko, koma kalipentala wa setifiketi alibe ngakhale sowo.

Mudzati, “Nanga akandibera?” Mantha amenewo ndiwamva. Koma njala ndiyo imabwezera munthu ku umbava, ndipo oberedwa mawa ndife tomwe.

Boma liyambe lokha. Ndalama za CDF zimagula madesiki a masukulu. Gawo la nchito imeneyo lipatsidwe kwa magulu a otuluka m'ndende. Wophunzira luso aliyense atuluke ndi zida zake. Milandu ing'onoing'ono ifafanizidwe munthu akatha zaka zingapo osalakwanso. Ngati boma silikhulupirira munthu amene linamphunzitsa lokha, mwini shopu ku Kamwala adzamkhulupirira bwanji?