Mpira wa Ola Limodzi Umene Umatha Maola Atatu

Ku United States kuli mpira umene eni ake amautcha football, ngakhale kuti amaunyamula ndi kuuponya ndi manja koposa kuumenya ndi mwendo. Kuyambira September mpaka November, Loweruka lililonse magulu a ophunzira a m'mayunivesite amakumana m'mabwalo akuluakulu, ena olowa anthu oposa 100,000, monga la ku Michigan. Malamulo amati masewero akhale a mphindi 60, m'zigawo zinayi za mphindi 15. Koma woonerera pa wailesi ya kanema sanyamuka maola atatu asanathe, ndipo kawirikawiri amakhalapo atatu ndi theka. Ife ozolowera mpira wa miyendo, umene umatha maola awiri asanakwane, tiyenera kufunsa kuti nthawi inayo imapita kuti.

Dandaulo lomveka kwambiri kumeneko ndi la anthu amene amajambula masewero kuti akaonere akaweruka ku ntchito. Makina amajambula motsata nthawi yolembedwa pa ndondomeko ya wailesi. Masewero akapitirira, makina amaleka, ndipo munthu amapeza kuti mphindi zomaliza, zimene zimaonetsa wopambana, palibe. Ambiri anaphunzira kuwonjezera ola lathunthu pojambula. Nzeru imeneyi imathandiza woonerera, koma nthenda yeniyeni siichiza, pakuti gwero lake lili pa malonda.

Kuti timvetse bwino, tibwerere ku chaka cha 1984, pamene Khothi Lalikulu la dzikolo linagamula milandu iwiri. Mu January, pa mlandu wa pakati pa Sony ndi Universal City Studios, linati munthu wojambula pulogalamu kunyumba kwake kuti aonere nthawi ina sakuphwanya lamulo. Mu June, pa mlandu umene anayambitsa mayunivesite a Oklahoma ndi Georgia, linalanda bungwe la NCAA, loyang'anira masewero a m'makoleji, mphamvu yolamulira lokha masewero oonetsedwa pa kanema. Kufikira nthawiyo bungweli linkachepetsa dala chiwerengero cha masewero oonetsedwa. Kuchokera pamenepo mayunivesite anayamba kudzigulitsira okha.

Zigamulo ziwirizi zinakumana pa mphambano. Munthu wojambula filimu akhoza kudumpha zolengeza malonda, ndipo izi zinaphweka kwambiri atabwera makina monga TiVo mu 1999. Koma mpira sukoma ukagona. Aliyense amafuna kuuona pamene ukuchitika, asanamve zotsatira kwa mnansi wake. Motero mpira unasanduka umodzi mwa misika yochepa imene wamalonda amapezamo khamu losathawa, ndipo mtengo wake unakwera. Mu 2022 gulu la mayunivesite la Big Ten linagwirizana ndi makampani a Fox, CBS ndi NBC pangano la zaka 7 la ndalama zoposa madola 7 biliyoni. Wolipira ndalama zotere ayenera kuzibweza, ndipo amazibweza poimitsa masewero kuti alengeze malonda. Osewera amaima m'bwalo, oimbira mpira amadikira chizindikiro cha munthu wa wailesi, khamu lonse lili chete. Akulu anati walira mvula walira matope.

Kunena chilungamo, malonda sali okha. Mpira ukaponyedwa koma osagwidwa, koloko imaima, ndipo magulu a masiku ano amaponya kwambiri kusiyana ndi akale. Nthawi yopuma pakati pa masewero ndi mphindi 20, pamene magulu a zitoliro ndi ng'oma amaguba m'bwalo. Kuyambira 2006 oimbira m'magulu onse akuluakulu amabwereza kanema pofuna kutsimikiza chigamulo. Ndipo kuyambira 1996 magulu akafanana mphamvu amawonjezera zigawo mpaka wina apambane: mu 2018 Texas A&M inagonjetsa LSU ndi mapointi 74 kwa 72 patatha zigawo zowonjezera 7, masewero amene anatha pafupifupi maola asanu.

Koma taonani chimene opanga malamulo anasankha kudula. M'masewerowa gulu limapatsidwa mipata inayi kuti lisunthe mpira mayadi 10, ndipo likakwanitsa limapatsidwa inayi ina. Kuyambira 1968 koloko inkaima pang'ono nthawi iliyonse gulu likakwanitsa. Mu 2023 lamuloli linachotsedwa, kupatula m'mphindi ziwiri zomaliza za theka lililonse. Zotsatira zake, kusewera kwenikweni kunachepa, koma malonda sanakhudzidwe. Mu 2024 anawonjezeranso kupuma kwina pamene kwatsala mphindi ziwiri kuti theka lithe. Zili ngati mphunzitsi amene, poona kuti ana akuweruka mochedwa chifukwa cha ogulitsa zitumbuwa pakhomo la kalasi, wafupikitsa phunziro la masamu nasiya ogulitsawo.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife aphunzitsi ndi inu amene mwangomaliza sukulu. Wojambula ali ndi pothawira: amadina batani, nadumpha zonse zimene sazifuna. Wosewera alibe batani, ndipo iyeyu ndi mwana wa sukulu. Lamulo la NCAA limati wophunzira asathe maola oposa 20 pa sabata pa zamasewero, koma tsiku la mpikisano limawerengedwa ngati maola atatu okha, ngakhale litamdyera tsiku lonse. Mayunivesite a gulu la Mid-American amasewera usiku wa Lachiwiri ndi Lachitatu mu November, chifukwa masiku amenewo wailesi ili ndi malo. Mu 2024 mayunivesite a USC, UCLA, Oregon ndi Washington, a kugombe la kumadzulo, analowa Big Ten, kotero kuti ophunzira ake amauluka makilomita zikwizikwi kukasewera kum'mawa. Kodi buku amalitsegula liti?

Ena adzati ndalamazo zimalipirira maphunziro a osewera ambiri ochokera m'mabanja osauka, ndiponso masewero ena osapindulitsa monga kusambira ndi kuthamanga. Ndi zoona. Adzatinso kuyambira 2025 mayunivesite amaloledwa kulipira osewera mwachindunji. Nazonso ndi zoona, ndipo zinachedwa. Koma malipiro sabweza phunziro limene laphonyedwa, ndipo mwa osewera zikwizikwi ndi owerengeka okha amene amadzalembedwa ntchito ya mpira. Otsalawo adzadya satifiketi yawo.

Chotero ine ndikuti amene akufunadi kufupikitsa masewerowa alembe m'mapangano awo malire a malonda, nalole kulandira ndalama zocheperapo. Mpira wa miyendo umapeza chuma chambiri popanda kuimitsa osewera mphindi zochepa zilizonse kuti wina agulitse galimoto. Yunivesite imene imalola wamalonda kuilembera ndondomeko ya nthawi yaiwala chimene inamangidwira. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.