Asanakugulitseni kontirola ina, ayambe ayeza

Pali mawu amene ayamba kunditopetsa m'kamwa mwa amisiri ena okonza njinga zoyendera batire: "Bwana, kontirola yapsa, mugule ina." Amawanena mwini njinga asanamalize n'kufotokoza komwe. Mnansi wanga, bambo amene amapita kuntchito pa njinga yotereyi, anauzidwa zomwezi sabata yatha, mpaka anayamba kufunsafunsa za ngongole kubanki mkhonde. Chonsecho vuto linali pa chogwirira buleki.

Njinga zambiri zamtunduwu zili ndi kaswitchi m'chogwirira buleki, kamene kamadula mota mukangofinya. Njinga ikagwa chogwiriracho n'kupindika, kapena fumbi likadzaza mkati, sichibwerera bwinobwino, ndiye kontirola imaona ngati mukadafinyabe buleki, n'kukana kupereka moto. Pa njinga ya mnansi wanga ija, mnyamata wina wa pamsika anangozula kapulagi ka bulekiko, kupotokola chogwirira chowonjezera moto, gudumu lija fwii, kuzungulira. Kontirola yosalakwa ija ikanatayidwa kudzala.

Sindikunena kuti kontirola siipsa, imapsa ndithu. Ndi kabokosi kachitsulo kokhala pakati pa batire ndi mota, ndipo moto wonse umadutsa mmenemo. Koma poti waya aliyense amathera m'kabokosiko, chilichonse chikavuta panjinga chala chimaloza komweko. Mmisiri weniweni amayambira kutali. Batire yolembedwa 36V ikadzaza imaonetsa mavolti 42 pa mita yoyezera magetsi, ya 48V imafika 54.6. Ikatsika kufika cha m'ma 31 kapena 42 motsatana, kontirola imazima dala poteteza batireyo. Ndiye ngati njinga yanu imayenda bwino pachidikha koma n'kuthima pachitunda, kayikirani kaye batire yotopa, fyuzi yogwedera kapena pulagi yadzimbiri. Madzi a dzinja akalowa polumikizira mawaya, zitsulo zimachita zobiriwira, moto n'kumadutsa mwa apo ndi apo.

Kenako pali tiwaya titatu ta chogwirira chowonjezera moto. Kofiira kamayenera kukhala ndi mavolti pafupifupi 5, kakuda n'kobwezera, kachitatu kamakwera kuchoka cha pa 1 kufika cha pa 4 mukamapotokola. Kodi kuyeza zimenezi kumatenga tsiku? Ngakhale tiyi sangazizire.

Malo amene ine ndimawakayikira kwambiri ndi pamene mawaya amatulukira m'chitsulo cha pakati pa gudumu. Pamenepo pamadutsa mawaya atatu onenepa, wachikasu, wobiriwira ndi wabuluu, ndi ena asanu opyapyala a timasensa totchedwa Hall, timene timauza kontirola pamene maginito a mota afika. Njinga ikagwera mbali imeneyo, kapena gudumu likamangidwa mosalimba chitsulocho n'kumapota, mawaya amasupuka pakamwa penipeni pa bowo, pamene diso la munthu wothamanga silifika. Kasensa kamodzi kakafa, mota imanjenjemera, kulira ngati ikukukuta mano, n'kumafuna kukankhidwa kuti inyamuke. Mukazungulitsa gudumu pang'onopang'ono ndi dzanja, waya wa sensa yamoyo umasinthasintha pakati pa 0 ndi 5 pa mita. Wongokhala pamodzimodzi ndiye wolakwa. Ndipo mawaya onenepa aja akasupuka n'kugundana, amatha kuotcha kontirola. Mukaikapo yatsopano osakonza pamenepo, nayonso ipsa, mmisiri n'kukuuzani kuti mwagula yachinyengo.

Kontirola yopsadi siibisala. Zimitsani zonse, chotsani batire, nyamulani gudumu, mulizungulitse chakutsogolo ndi chakumbuyo. Likamalimba ngati wina waligwira, zulani mawaya atatu onenepa aja kuchoka ku kontirola. Likamasuka pompo, ndiye kuti kamodzi mwa timaswitchi ta mkati totchedwa MOSFET kapsa n'kumatirira. Timakhalamo 6, 9 kapena 12 malinga ndi kukula kwa bokosi, ndipo mita imalira mukayeza pakati pa waya wa batire ndi waya wa mota umene wakhudzidwa. Nthawi zambiri mphuno imayamba kudziwa mita isanalire. Koma chenjerani, mkatimo mumatsalira moto ngakhale batire mwachotsa, ndipo batire ya lithium mukaigundanitsa mawaya imatha kuyatsa nyumba.

Matendawa si a lero, ndipo inu mukuwadziwa. Kale wailesi ikangoti zii, ankati "IC yapsa". Foni ikakana kuyaka, "bodi yafa". Eni galimoto ndi angati amene anagulitsidwa kompyuta bokosi chonsecho vuto linali waya wodyedwa ndi khoswe? Tazolowera ukatswiri wolosera, wosintha chitsulo ichi ndi icho mpaka chinthu chidzuke mwangozi, bilu yonse n'kugwera mwini. Akuluakulu anati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Wolosera ndi ndalama za mnzake akuotcha nyumba ya mwini, ndipo zimandiwawa chifukwa ogula njingazi ambiri si anthu olemera. Ndi anthu amene athawa mtengo wa petulo ndi mizere ya pamalo omwetsera mafuta, ena akufuna kuyamba kabaza. Zipangizo zake zimachokera kunja, makamaka ku China, ndipo kontirola imafunika yogwirizana ndi mavolti a batire, mphamvu ya mota, ngakhalenso kawindo koonetsa liwiro. Munthu amadikira masabata, katundu n'kufika, mapulagi osalowana.

Mita yoyezera magetsi ndi yotsika mtengo kuposa kontirola, ndipo imapezeka m'mashopu a zamagetsi m'matauni athu. Mmisiri amene alibe mita asakhudze njinga yamagetsi, abwerere kokamata machubu, ntchito yolemekezeka payokha. Nawo masukulu a ntchito zamanja aphunzitse achinyamata kuyeza asanawaphunzitse kumasula.

Inu eni njinga, wina akadzakuuzani kuti kontirola yapsa, mufunseni kuti batire yaonetsa mavolti angati, buleki waizula, nanga gudumu lamasuka atachotsa mawaya. Akayamba kukanda m'mutu, kankhani njinga yanu mupite kwina. Ndipo ikakhala kuti kontirola yapsadi, yakaleyo mutenge, musaisiye pashopu.